Che Buruhani Asoka Galasi la Pijo

Ku Kapata ukafunsa za woika galasi lakutsogolo kwa galimoto, amakanika amakulozera kwa anthu a guluu. Koma ukawauza kuti galimotoyo ndi yakale, ya galasi logwidwa ndi mphira, amakanda m'mutu n'kunena kuti, "Pitani kwa Che Buruhani akakusokereni."

Mawu akuti kusoka anayamba ndi eni akewo. Che Buruhani anakulira pakhonde la sitolo m'tauni ya Chipata, pomwe bambo awo, telala wochokera ku Mangochi, ankapalasa makina. Anadziwa kupinda mpendero wa thalauzi asanadziwe kulemba dzina lawo. Atakula anapita kukasoka mipando ya mabasi pagalaja ina, ndipo kumeneko anaona mkulu wina akulowetsa galasi ndi chingwe chokha. Anayang'ana kamodzi, nati mumtima: uwu ndi mpendero basi. Kumakina sanabwerereko. Kwa zaka makumi anayi anasoka magalasi a malole a fodya, a maambulansi a mishoni, a mabasi a ku Lundazi, osaswapo ngakhale limodzi.

Chimene amakanika sankadziwa n'chakuti maso awo anali atachita ng'ala. Ankadziwa ndi akazi awo okha, a Sharifah, omwe ankawaikira kapu ya tiyi pamalo amodzimodzi m'mawa uliwonse. Ntchito ankazikana mwaulemu. Lero msana, mawa n'Lachisanu, tsiku la kumzikiti.

Kenako kunabwera Molly, mwana wa malemu aphunzitsi a Ezekiel, yemwe anali atangobwerera kuchokera ku Joni. Galimoto ya Pijo ya bambo ake inakhala zaka khumi pansi pa mtengo wa mango, mpaka nthambi inaigwera n'kuswa galasi. Mayi ake okalamba ankanena kuti kumanda kwa amuna awo ku Mtenguleni adzapitako pa galimoto imeneyo, osati pa minibasi. Molly anaikonzetsa yonse. Galasi analipeza ku Joni kwa munthu wosunga zakale, ndipo linali lomaliza. Analinyamula pabasi masiku atatu litakulungidwa m'mabulangete, akukangana ndi makondakitala njira yonse.

"Ndabwera ndi guluu wamphamvu, Che Buruhani," anatero Molly. "Ndaonanso pafoni mmene amachitira."

"Guluuyo mukamatire nsapato, mama. Galimoto ya bambo anu ndinaisoka ine, inuyo musanaganiziridwe n'komwe."

Che Buruhani anatsegula pakamwa kuti anene za msana. Koma anangodzimva akufunsa kuti, "Mphira muli naye watsopano?"

M'mawa mwake anafika pabwalo la aphunzitsi ndi chingwe cha thonje m'thumba la mkanjo. Mphira anamuika padzuwa kuti afewe. Anayendetsa zala m'mbali monse mwa chitsulo pomwe pakhale galasi, pang'onopang'ono, mutu atautembenuzira kumbali ngati akumvetsera wailesi ya kutali. Anaima pakona ya kumanzere.

"Apa pali dzimbiri. Palani."

Molly anawerama, nayang'anitsitsa, nalipeza. Linali kadontho kochepa ngati njere ya mapira.

Atatha kupala, Che Buruhani anaveka mphira kuzungulira galasi, nalowetsa chingwe m'kangalande ka mphirayo mpaka nsonga zake ziwiri zinapingasana pansi pakatikati. Anapaka madzi a sopo. Awiriwo ananyamula galasi n'kuligoneka pamalo pake, nsonga za chingwe zikulendewera mkati. Mkuluyo analowa, nakhala pampando wakutsogolo.

"Inu khalani panja. Dzanja lanu lizitsatira chingwe changa. Musakankhe, musamenye. Ingoligonekani ngati mukumva mwana ngati watentha thupi."

Anayamba kukoka. Chingwe chinkatuluka m'kangalandemo chikukoka mlomo wa mphira, ndipo mlomowo unkadumpha chitsulo n'kugona mkati, bwinobwino, ngati nsalu yotuluka pansi pa singano. Ankakoka pang'ono kumanja, pang'ono kumanzere. Molly ankamva galasi likumira pansi pa chikhatho chake, lokha, popanda wolikankha.

Pakona ya kumwamba chingwe chinalimba. Panamveka kaphokoso kakang'ono, ngati munthu waluma mchenga.

"Ndikankhe?"

"Chotsani dzanja."

Che Buruhani analeka kukoka, thukuta likutsikira m'ndevu. Ngati mphira wangopindika, panali pongozungulitsa chingwe. Ngati wang'ambika, ndiye kuti galasi lakhudza chitsulo, ndipo kukoka kamodzi kokha kukanaliswa kuchokera pakona mpaka pakati. Pamalopo chala sichinkalowa. Panafunika diso. Anayandikitsa nkhope mpaka mphuno inagunda galasi, koma anangoona chifunga.

Akanatha kungokoka. Mwina zikanatheka, ndipo palibe akanadziwa kanthu.

"Mama," anatero motsitsa mawu, "tayang'anani apa. Wang'ambika kapena wapindika? Ine sindikuona."

"Ndikusunthireni galimoto kumthunzi?"

"Si dzuwa ayi. Sindiona. Chino n'chaka chachitatu."

Molly anawayang'ana kudzera m'galasi lomwelo. M'maso mwa mkuluyo munali moyera ngati madzi otsukira mpunga. Anayang'ana mzere wa mphira womwe unali utagona kale mbali zitatu, wowongoka, wopanda khwinya. Kenako anakwera patayala, naika diso pakona.

"Wangopindika, bambo. Sanang'ambike."

"Mwaonetsetsa? Musandichitire ulemu."

"Wapindikira mkati. Ndikuona m'mphepete mwake monse."

"Bwezani dzanja pamenepo."

Anakulunga chingwe pachala, nayamba kuchizungulitsa timizere tating'ono, monga amachitira telala pakona ya kolala. Kamodzi, kawiri, kachisanu. Mphira anadzuka, nadumpha chitsulo. Chingwe chinathamanga m'mwamba monse n'kugwera pamiyendo pawo.

Anauza Molly kuti athire ndowa ziwiri zamadzi pagalasi, iwo ali mkati akupapasa m'mbali. Zala zinatuluka zouma. Mayi a Molly, omwe ankaonerera pakhonde, anadzuka ndi ndodo yawo, nafika, nagwira galasilo.

Che Buruhani anatsamira pampando.

"Sindiuza munthu," anatero Molly.

"Auzeni. Ndatopa nawo msana wabodzawu."

"Nanga wina akabwera mawa ndi galimoto yakale?"

Mkuluyo anapukuta sopo m'manja ndi mpango.

"Adzabwere ndi mphira watsopano. Maso adzabwere ndi ake."