Jeki Atasiya Kudya

Chizindikiro choyamba chinali phala losakhudzidwa m'mbale ya Jeki. Linali Lolemba, patatha mwezi ndi theka chimwalirireni mkazi wanga Esinati. Jeki anali galu wake. Anamulera yekha kuyambira ali kamwana.

Masiku a maliro Jeki ankadyako pang'ono, n'kumagona pa mphasa ya Esinati. Kenaka akuchikazi ku Msakambewa anandisudzula monga mwa mwambo. Zovala anagawana, mphasa anatentha. Ndinasamukira ku nyumba ya aphunzitsi ku Chezi ndi mabuku anga ndi galuyo basi. Sindinapemphe kanthu, poopa manyazi.

Lachitatu Jeki anasiya kuuwa. Lachisanu nthiti zinali zitaonekera, ndipo ankangogona pakhomo. Ndinayesa mkaka, usipa, ngakhale chiwindi cha nkhuku. Ankanunkhiza n'kutembenuka. Anthu anayamba kunong'onezana za chiwewe. Aphunzitsi aakulu anandiitana nandiuza kuti pakhomo panga pamadutsa ana, choncho galuyo akapanda kudya pofika Lolemba, aitana munthu wa mfuti.

Loweruka ndinamuika m'dengu pa njinga kupita ku dibi, kumene alangizi a ziweto amabwera. Ndinadikira kuyambira m'mawa mpaka ng'ombe yomaliza itatuluka m'madzi. Alangiziwo anamuyeza kutentha, anayang'ana m'kamwa, namupatsa madzi. Anamwa.

"Sindikuona chiwewe, aphunzitsi. Mwini wake ali kuti?"

Ndinawauza.

"Ndiye akulira ameneyu. Mankhwala ake ndilibe. Mupezereni chovala cha mayiwo chosachapa, ndipo asamadye yekha."

Kalata yoti si chiwewe anakana kulemba. Anati galu wosadya sangamuikire umboni.

Mwamuna wosudzulidwa sabwerera kukapempha za malemu. Ndiponso zaka zinayi zonse za ukwati sindinalankhulepo ndi apongozi anga aakazi maso ndi maso. Komabe Lamulungu ndinapita kwa iwo. Ndinakhala pansi pafupi ndi nkhokwe, n'kunena pempho langa nditayang'ana dothi. Apongoziwo analowa m'nyumba natulutsa duku la Esinati limene anabisa tsiku logawa zovala. Ankagona nalo iwowo.

"Tengani, bambo. Akachira mudzabweze."

Jeki anaika mphuno pa dukulo, osasuntha mpaka dzuwa kupendeka. Lolemba m'mawa ndinakhala pansi pambali pake ndi phala langa. Ananyambita lake mpaka theka. Aphunzitsi aakulu anaima chapatali, anaona, nabwerera ku ofesi.

Kuchira kunatenga miyezi iwiri, ndipo panali masiku ena obwerera m'mbuyo. Tsopano Jeki wanenepa, amauwa, ndipo madzulo timayenda limodzi mpaka m'munsi mwa phiri. Duku ndinabweza.

Galu woferedwa akasiya kudya, musadikire masiku asanu monga ndinachitira ine. Pitani naye kwa alangizi msanga, anthu asanamuweruze. Ndipo pogawa zovala za malemu, musachite manyazi kupempha chimodzi chosachapa. Mudzachifuna, iyeyo kapena inu.