Kapepala ka Nsato Ziwiri

Nkhaniyi sindinauzepo munthu, ngakhale malemu mkazi wanga. Mpaka lero ikandibwerera ndimangozungulira pabwalo ngati ndataya chinthu.

Zaka zoyamba za matipate ndinkagwira ntchito panyumba ya mphunzitsi wa sayansi, kufupi ndi Boma la Phalombe. Anali wochokera kumpoto, ndipo ankaweta nsato ziwiri m'mabokosi a waya, zoonetsa ana a sukulu. Ine ndinkatchera makoswe ndi kuzisinthira madzi.

Yaing'ono inkagwedeza mutu nthawi zonse. Ikafuna kugwira khoswe inkayamba yaphonya, kenako n'kumugwira ndithu.

"Mwaiona, bambo?" aphunzitsiwo ankaseka. "Yaledzera osalawa kachasu."

Yaikulu inali yofatsa. Mvula itayandikira inasiya kudya, n'kumaimika mutu kuyang'ana kumwamba nthawi yaitali. Ine ndinkati yakhuta.

Tsiku lopita ku Zomba kukachonga mayeso, aphunzitsi anandipatsa kapepala mothamanga, minibasi ikuliza hutala pamsewu.

"Zonse ndalemba apa. Paja mumawerenga, eti?"

"Kwambiri, aphunzitsi."

Sindinkadziwa ngakhale chilembo chimodzi.

Sabata imeneyo phiri linafunda mitambo. Chitengereni mlongo wanga madzi a Napolo, njoka ija amati imakhala pansi pa phiri, mtima wanga sunkakhazikika kukachita mdima wa mvula. Pamjigo mayi wina anandifunsa, anzake akumvetsera: "Achimwene, njoka yanu yogwedeza mutu ija imavomera ndani? Si kuti mnzake wakuphiri akuiitana?"

Ndinaseka nawo. Koma masiku atatu ndinkangobwerera pabokosi paja, ndipo mutu uja unkangovomera. Tsiku lachinayi ndinatenga khasu n'kuipha. Ndinaikwirira m'munda wa nandolo.

Aphunzitsi atabwera anapeza yaikulu ili chagada, ikulephera kudzitembenuza. Anafunsa za inzake.

"Inafa yokha," ndinatero.

Anakhala pakhonde osavula nsapato. "Ndiye kuti sindidziwa kanthu, bambo. Ndakhala ndikuuza ana kuti kugwedeza kuja si matenda."

Yaikulu inafa sabata yomweyo. Aphunzitsi anatentha mabokosi onse, ndipo mawa lake anakauza kalasi kuti anawaphunzitsa zolakwika. Chaka chitatha anawasamutsa.

Kapepala kaja ndinakasunga m'Baibulo lomwe sindinkatha kuwerenga. Kupempha munthu kuti andiwerengere ndinkaopa. Ndinalowa sukulu ya kwacha imvi zili mbuu, ndikukhala pakati pa amayi obereka ana kumbuyo. Masana ena, nditaweruka, ndinatambasula kapepala kaja pa bondo. Ndinawerenga ndi chala, mawu amodzi amodzi:

"Yaing'ono musadandaule nayo, inabadwa choncho. Ikudya, ndipo mukaigoneka chagada imadzitembenuza yokha. Yaikulu ndiyo ikudwala. Isakhudzane ndi inzake, ndipo mbale zamadzi musasinthanitse. Ndakudalirani."

Ndinabwerezanso, ndikuyembekeza kuti mwina ndaphonya chilembo. Sindinaphonye. Ndinadzuka, ndinakhala, ndinapita kumunda osatenga khasu, ndinabwerako.

M'mawa mwake ndinang'amba tsamba m'kope langa la sukulu. Ndinalemba mizere iwiri, yokhota: "Sinafe yokha, ndinaipha ndine. Munkawauza zoona ana aja." Ndinapinda tsambalo, ndinapopa njinga, ndinapalasa kupita ku ofesi ya maphunziro pa Boma kukafunsa kumene anawatumiza aphunzitsi aja.