Nkhope ya Ng'ombe ya Katoni

Ndimagulitsa mabuku a ana ku St Mary's, pafupi ndi pokwerera makombi, maminibasi a kuno. Ndi mabuku a kaunjika, a zithunzi zikuluzikulu ndi mawu ochepa, ena olumidwa m'makona ndi eni ake oyamba. Amene amandigula kwambiri ndi aphunzitsi a sukulu za mkaka. Masiku ano sukuluzi zili ndi timasiku take tachibwana: lero ana abwere ndi zipewa zoseketsa, sabata ina avale masokosi osiyana, ina abwere atavala zogonera dzuwa likuswa mtengo. Ine zimenezi sindizimvetsa, komanso sindilimbana nazo. Mphunzitsi akangotchula tsikulo, ndimapisa dzanja m'katoni n'kumutulutsira buku loyenera, basi.

Tsiku lina kunabwera mphunzitsi wa ku Zengeza 4, Mshona waulemu wake, amene amaphunzitsa mwana wamkazi wa achimwene anga. Anati akukonza tsiku loti ana adzavale zophimba kumaso. Ndinamupatsa kabuku ka ziweto zimene zinabwerekana nkhope popita kuphwando: nkhuku inavala ya ng'ombe, ng'ombe ya bakha, mpaka mwini khola anasokonezeka. Kumapeto kwake kunali zithunzi zosonyeza kadulidwe ka nkhopezo pa katoni. Anakakonda, analipira, anapita.

Patapita masiku angapo achimwene anatulukira pa tebulo langa ali ndi ovololo ya kuntchito. Iwo amawotcherera mageti, ndipo ndi mkulu wa mpingo. Moni sanapereke. Anaponya patebulo nkhope ya ng'ombe ya katoni, ya nyanga zokhota, yomwe mwana anabwera nayo kunyumba. Anati mwanayo anawauza kuti bukulo linachokera kwa azakhali, ndipo iye ndi amene wasankhidwa kudzatsogolera anzake povina. Anandifunsa ngati mutu wanga ukuyenda bwino.

Ndinapsa mtima. Ndinawauza kuti m'bukumo muli nkhuku ndi abakha, osati zimene akuganizazo, ndiponso kuti asandilalatire pamaso pa makasitomala ngati ndine wantchito wawo. Iwo anati za abakha alibe nazo ntchito. Mwana wa Mmalawi, nkhope yophimba, kuvina kutsogolo kwa Ashona: nanga anzake akamutcha ndani?

Ndinadziwa chimene ankanena. Ife tinakulira momwemu mu St Mary's, makolo athu atachokera ku Malawi kudzagwira ntchito. Anthu kuno akamva za Amalawi amangoganiza za gule wamkulu, yemwe iwo amati zvigure, wovina mmodzi n'kumamutcha chigure. Kwathu tinali a tchalitchi, gule tinkangomuonera patali ngati wina aliyense, koma kusukulu achimwene ankawatcha chigure kuyambira kalasi yoyamba mpaka anamaliza. Anamenyana, anathyoka dzino, dzina silinachoke. Mpaka lero alipo madoda a imvi amene amawaitana choncho pa msika, achimwene n'kumaseka nawo mano okha.

Ndiye anagamula: mwana sapita kusukulu tsiku limenelo, ndipo teremu ikatha amuchotsako.

Loweruka masana ndinapita kwawo kukabweza nkhope ija. Ndinapeza mwana maso ali psu. Alamu anati chiyambire dzana sakudya bwino, akungofunsa za ng'ombe yake. Ali ndi zaka zisanu. Chichewa amamva, koma amayankha m'Chishona ngati ana ena onse a kuno.

Achimwene anamuitana, namukhazika pamwendo. Anayankhula mofatsa, moti mkwiyo wanga unayamba kuzirala. Ndinawamvera chisoni, kunena zoona.

"Mama, ine sindikukukaniza chifukwa cha nkhanza ayi. Ukavala chimenechi anzako azikunena kuti ndiwe chigure."

Mwana anawayang'ana, napukuta mphuno ndi mkono. Anafunsa m'Chishona kuti chimenecho n'chiyani.

Achimwene anayamba kufotokoza. Anati ndi anthu a kwathu ovala nkhope, amavina fumbi kobo, ana amawathawa. Anafuna kuti amuopseze, koma mwana maso anangowala. Anafunsa ngati amathamanga kwambiri, ngati ali ndi nyanga ngati zakezo. Kenako anafunsa kuti kwathuko n'kuti. Apa achimwene anamutsitsa n'kutuluka panja kukayang'ana geti lomwe linalibe vuto lililonse.

Sindikudziwa zimene anakambirana ndi alamu, koma tsikulo litafika mwana anapita, nkhope ili m'chikwama. Ine ndinatseka msanga n'kukwera kombi kuti ndikamve mmene zayendera. Ndinakapeza achimwene nawo ataweruka kale, atakhala pakhonde ngati akudikira zotsatira za kuchipatala.

Alamu, amene anakaonerera, anati zonse zinayenda bwino. Ana anavina, makolo anajambula pa mafoni, mphunzitsi anawerenga bukulo kawiri. Anati anamufunsanso mphunzitsiyo mwaulemu chifukwa chimene anasankhira mwana wathu, iye n'kuyankha kuti ndi yekhayo amene sachita manyazi pagulu. Palibe mwana wina kapena kholo amene anatchula dzina loipa lililonse.

Tikuyankhula choncho mwana anatulukira kuseri kwa nyumba, nkhope ili kumaso, nyanga imodzi itapindika. Anali kupondaponda pansi kuti fumbi libuke, ana a pafupi akuthawa uku akuseka. Ankakuwa yekha m'Chishona, mokondwa zedi, msewu wonse ukumva.

"Ndiri chigure! Ndiri chigure!"

Alamu anati mwanayo anayamba kukuwa choncho ali kusukulu komweko, ndipo anzake ankamufunsa tanthauzo lake. Achimwene anangoyang'ana pansi, manja ali pa mawondo.