Jekete la Chaka Chachinayi

Bambo anagula jekete mlongo wanga ali m'chaka chachitatu ku yunivesite. Analipeza pa kaunjika mumsika wa Mitundu, lakuda, la mapewa otakata. Moyo wawo wonse anali tenanti pa esiteti ya fodya, ndipo anali asanakhalepo ndi jekete lawolawo. Pa ukwati wanga anachita kubwereka. Ili analikulunga m'pulasitiki n'kulipachika pa msomali kuchipinda. Ngakhale kutchalitchi sankalivala. Ankati ndi la tsiku limene mwana wawo wamkazi adzavale gauni n'kulandira digiri.

Ine ndine woyamba kubadwa, mphunzitsi wa pulayimale ku Nathenje. Mlongo wangayo ndi chitsirizira, ndipo nzeru zonse za pabanja pathu anakokolola ndi iye, ife tinangotola zotsala. Amayi anatisiya iye ali wamng'ono, choncho bambo ankamuona ngati diso lawo.

Pa holide ina mlongo wanga anabwera ndi nkhani. Anati kusukulu kwawo asankha ophunzira ochepa okhoza kwambiri kuti adutse njira yachidule. M'malo momaliza zaka zinayi, kupita kukasaka ntchito, kenako n'kudzabwereranso zaka zina ziwiri kufuna digiri yachiwiri imene amati masitazi, iwo apitirira osaima, ndipo pakutha pa chaka chachisanu adzalandira madigiri onse awiri tsiku limodzi. Koma chaka chachinayi sipadzakhala mwambo uliwonse kwa iwo.

"Achimwene, ndikatuluka ndi pepala limodzi ndidzangokhala ngati anzanga aja akugulitsa mayunitsi m'tauni," anatero. "N'chaka chimodzi chokha basi."

Ine ndinasangalala mpaka aphunzitsi anzanga anatopa nane. Bambo anamvetsera akupukusa chimanga.

"Ndiye sukulu ya zaka zinayi yasanduka ya zisanu?"

"Eya bambo, koma mapepala adzakhala awiri."

"Ukakhoza bwino amakuwonjezera chaka?"

Tinaseka, iwonso anaseka. Koma kwathu mwana wowonjezera chaka ndi amene wabwereza kalasi. Ineyo ndimabwerezetsa ana chaka chilichonse, ndipo palibe kholo limene linabwerapo kudzandithokoza.

Vuto linabwera ndi mwana wa mwini golosale wa pafupi ndi kwathu. Mnyamatayo anayamba yunivesite chaka chimodzi ndi mlongo wanga, ndipo aliyense ankadziwa kuti mutu wake unali wa pakatikati. Chaka chachinayi chitatha, abale ake anachita hayala minibasi kupita ku mwambo wa digiri, azimayi atavala chitenje chofanana. Pobwera anadutsa dala pang'onopang'ono pakhomo pathu, hutala ikulira, nthungululu zili wee, mnyamata atatulutsa mutu pawindo ndi chipewa chake cha ngodya zinayi. Bambo anaimirira pakhonde n'kuwakwezera dzanja. Jekete lawo linali likadali pa msomali.

Kuyambira pamenepo pakamwa pa anthu sipanatseke. Ena ankati mlongo wanga anamuchotsa sukulu atalakwa mayeso. Ena ankati ali ndi pathupi, akubisala kwa mwamuna ku Lilongwe. Chimene chinathira mafuta pamoto n'chakuti anasiya kubwera pa holide, chifukwa njira yachiduleyo inalibe holide: anzake akamapuma, iye amakhala ali pa kafukufuku. Mayi wina anandifunsa mu minibasi, anthu onse akumva, ngati kamwana ka mlongo wanga kayamba kukwawa. Ndinamuyankha mawu amene mphunzitsi sayenera kulankhula pagulu, ndipo mpaka lero sindidandaula.

Bambo sankayankha aliyense. Anangosiya kupita ku bawo, kumene ankakhala masana onse chisiyireni ntchito ya fodya. Ndikawafunsa ankati msana. Chifuwa chimene anachoka nacho m'zigafa chinali chitakula, ndipo thupi linayamba kutha. Mvula itayamba ndinawatenga kuti tizikhala nawo ku Nathenje. Katundu wawo anali wochepa, koma jekete sanaliiwale. Analinyamula okha pamiyendo ulendo wonse.

Mlongo wanga ankaimba foni Lamlungu lililonse. Ankawafotokozera za kafukufuku wake, za aphunzitsi ake, za miyezi imene yatsala. Iwo ankangoti, "Limbikira, mwana wanga." Tsiku lina anandituma kuti ndipite ndi jekete kwa telala akalibweze, chifukwa linali litawakulira. Ndinapita nalo mtima uli m'malo. Ndinati munthu amene akubwezetsa jekete ndiye kuti akuliyembekezera tsikulo.

Masana ena ndikuchokera kusukulu ndinawapeza pamkeka kuseri kwa nyumba, pamthunzi. Anandikodola kuti ndikhale pansi.

"Iwe, mlongo wako usamamukalipire," anatero. "Sukulu ndi yovuta. Wayesetsa."

"Bambo, mwana uja sanalephere."

"Ndikudziwa kuti mumandikonda nonse awiri. Nkhani ya mapepala awiri ija munaikonza bwino, ndipo ine sindinakutsutseni. Koma udzamuuze kuti asamachite manyazi kubwera kumudzi. Kwawo ndi kwawo, kaya pepala lilipo kaya palibe."

Ndinafotokoza zonse kuyambira pachiyambi, ndikuwerenga zaka ndi zala ngati ndili m'kalasi. Ndinalumbira pa manda a amayi. Ndinakweza mawu mpaka mkazi wanga anasuzumira pakhomo. Iwo ankangondiyang'ana ndi chifundo, monga mmene umayang'anira mwana amene wagwidwa koma akukanabe.

"Nanga ngati simukhulupirira, jekete munabwezetseranji kwa telala?"

Anatsokomola nthawi yaitali, kenako anapukuta pakamwa.

"Nanga ndikagone nalo lokhwepa?"

Ndinakwiyira yunivesite, ndinakwiyira mwini golosale ndi minibasi yake, ndinakwiyira amene anaganiza zoti mwana wa tenanti angadumphe tsiku la gauni popanda wina kuvulala. Anthu okonza njira zoterezi amawerenga zaka za wophunzira. Zaka za kholo lake sawerenga.

Ndinaganiza zomuitana mlongo wanga kuti abwere adzawauze pamaso. Koma akanabwera ndi chiyani m'manja? Mawu omwewo. Komanso anali pafupi kukaima pamaso pa aphunzitsi ake kuteteza kafukufuku, ndipo ndinkadziwa kuti akamva zimene bambo ananena, asiya zonse. Ndinati tidikire, pepala lidzalankhula lokha.

Bambo sanadikire. Anamwalira chimanga chikumasula, ndipo tinakawaika ku Mitundu pafupi ndi amayi. Jekete linawakwana bwinobwino, telala uja ankaidziwa ntchito yake. Mlongo wanga anafika ali wowonda, maso ofiira. Pa siwa ndinaona amayi ena akumuyang'ana pamimba ndi kumsana, kufunafuna mwana amene kunalibe.

Mwambo wake unachitika dzinja litapita, kukuzizira. Sitinachite hayala minibasi. Tinapita awiri, ine ndi mkazi wanga. Dzina lake analitchula kawiri, ndipo anthu osamudziwa n'komwe anaomba m'manja mwamphamvu. Ine sindinathe kuomba.

Titatuluka panja anabwera akuthamanga, gauni ikuuluka, mapepala awiri atawakumbatira pachifuwa. Anandigwira dzanja n'kuyamba kulira.

"Ndinachedwa, achimwene. Koma bola ankadziwa kuti ndikumaliza. Ankandiuza kuti ndilimbikire. Ankadziwa, eti?"

Ndinayang'ana mapepala aja, oyera, okhala ndi chidindo chofiira. Akanakwana bwino m'manja mwa bambo.

"Ankadziwa," ndinatero.