A Greyson ndi Kadamsana wa ku Biwi

A Greyson anali wojambula zithunzi wa ku Biwi, munthu wosatha kukhala pansi. Ankazungulira tsiku lonse kamera ili m'khosi, kujambula maukwati ndi anyamata oonetsa nsapato zatsopano, koma mtima wawo unali kumwamba.

Atamva pa wailesi kuti mu Juni 2001 kudzachitika kadamsana, anasowa mtendere. Anapempha galasi lakuda kwa owotcherera, n'kulimanga kutsogolo kwa kamera ndi mphira ya chubu cha njinga. Masana a tsikulo kutayamba kuchita kamdima, anakwera pa mulu wa njerwa n'kumaliza filimu yonse pa dzuwa lomwe linatsala ngati chikhadabo.

Kutacha anayenda wapansi mpaka ku Old Town kukatsukitsa filimuyo. Atapita kukatenga zithunzi, Tina, mtsikana wa pakauntala, anawabwezera envulopu yopanda kanthu. Kumeneko chithunzi chopanda munthu ankati n'chowonongeka.

“Bambo, filimu yanu yonse inapsa,” anatero Tina. “Munalibe munthu ndi mmodzi yemwe, kadontho kokha, ndiye tinataya.”

“Mwanawe, kadonthoko ndiye dzuwa,” anayankha a Greyson.

Anafukula bini ya kuseri mpaka madzulo, osapezamo kanthu. Kadamsana wa chaka chotsatira anabwera mu Disembala, kumwamba kuli mitambo yokhayokha.

Galasi lija ankayenda nalobe m'thumba la malaya. Akamajambula ukwati maso ali kumwamba, mkwatibwi ankachita kuwakumbutsa kuti anthu ali pansi pano.