Firiji ya Amalume Yopanda Pepala

Linali Loweruka la mwezi wa Epulo, ndili pa holide. Ndinkasankha fodya m'chigafa ndi amayi pamene amalume anafika ndi firiji pa ngolo, ataigoneka chagada ngati mbuzi ya kumsika. Madzulo ake ndinalemba m'buku langa kuti inali yoyera kutsogolo kokha. Kumbuyo kunali dzimbiri ndi mazira a mphemvu.

Amayi ankafuna firiji kuyambira kale, kuti azigulitsa zakumwa zozizira paokala yawo ku Kaluluma. Amalume, mchimwene wawo wamkulu, ankagulitsa katundu wakale wochokera ku Joni. Ankavala jekete lachikopa dzuwa likuswa mtengo, ndipo ankapukusa makiyi pachala ngakhale analibe galimoto.

"Iyi siidya magetsi, achemwali," anatero akuimenya pambali. "Imangonyambita. Mundipatse belo limodzi la fodya, nkhani yatha."

Belo limenelo ndi lomwe amayi ankati lidzandibwezera kusukulu ku Nkhamenya.

Kusukulu aphunzitsi a sayansi anatiuzapo kuti firiji yabwino imabwera ndi pepala la omwe anaipanga, losonyeza kuti inayesedwa ndiponso kuchuluka kwa magetsi omwe imadya. Wogulitsa woona amalionetsa asanafunsidwe n'komwe. Ndinawanong'oneza amayi. Ananditsina pantchafu.

"Iwe, munthu amafunsa pepala kwa mlongo wake? Ukufuna anene kuti ndawatcha akuba?"

Amalume anamva. Anaseka mpaka dzino lawo lagolide linaonekera.

"Asukulu ayamba! Mapepala ndi a anthu osadziwana, mwana iwe. Ine pepala langa ndi nkhope yangayi."

Ndinaiyang'ana nkhopeyo chozemba. Inkanyezimira mafuta, ndipo panalibe polembedwa chilichonse.

Firijiyo anailumikiza kuokala tsiku lomwelo. Inkalira ngati chigayo, osapuma. Mayunitsi a magetsi omwe ankatifikitsa kumapeto kwa mwezi anatha sabata isanathe. Amayi anagula ena, nawonso anapita. Zakumwa zinkatuluka zofunda ngati madzi osambitsira khanda, makasitomala n'kumabweza mabotolo. Amalume atauzidwa anati vuto ndi mawaya a kuokala kwathu. Kenako anati timaitsegulatsegula. Pomaliza anati firiji ya ku Joni imafuna kuzolowera mphepo ya kuno.

Amayi ankangoti, "Zoona, achimwene," maso ali pansi. Kwathu malume ndiye mwini mbumba: ukwati wanga adzaukamba ndi iwowo, maliro athu adzayendetsa ndi iwowo. Sindinawaimbe mlandu amayi. Koma munthu woyenera kutiteteza ankadya nkhuku yathu, akutokosa m'mano, n'kumafunsa ngati belo lake lamangidwa.

Lachisanu lotsatira amalume anatuma uthenga woti abwera mawa lake ndi ngolo kudzatenga fodyayo. Amayi analisoka belolo, ine ndikuwagwirira chiguduli. Manja awo anali akuda ndi utomoni wa fodya, osweka m'zala.

Ine ndine munthu woti mlendo akandifunsa dzina, mawu amandithawa. Komabe dzuwa lisanalowe ndinakhala kuseri kwa chigafa n'kulemba chimene ndidzachite. Mawa akafika ndidzawapatsira madzi osamba m'manja, nditagwada bwinobwino monga anandiphunzitsira amayi. Ndili chigwadire pomwepo, anthu onse akumva, ndidzati: "Amalume, tionetseni pepala la firiji ija. Ngati palibe, ngoloyi ibwerere ndi firiji yanu, belo litsale."