Mayi a Pakona ndi Bilu ya Chikwapu

Anthu ankawatchula kuti Mayi a Pakona, chifukwa pa kanema ankaoneka m'kabokosi ka pakona, atavala zakuda, akumasulira m'chinenero cha manja zokambirana za kunyumba ya malamulo. Ntchitoyi sanaiyambe chifukwa choikonda. Iwo ali mtsikana, mlongo wawo wamng'ono, mnyamata, anachedwa kusukulu, mphunzitsi n'kumuwomba makofi m'makutu onse awiri. Makutuwo anatuluka mafinya mpaka mwanayo anagontheratu. Pakhomo panasowa wocheza naye, basi iwo n'kuyamba kuphunzira manja.

Chaka china aphungu anabweretsa bilu yofuna kubwezeretsa chikwapu m'sukulu. Mayiwo anaima pamalo pawo pa masiku onse, m'kachipinda kopanda windo, nsalu yabuluu kumbuyo, getsi likuwotcha pamphumi.

Phungu woyamba anaimirira ndi malemba m'manja. Anawerenga vesi yonena za ndodo ndi mwana, nati dziko lalowa pansi chifukwa chotaya mawu amenewo. Anzake anamenya matebulo. Mayi a Pakona anaonetsa ndodo, anaonetsa mwana, anaonetsa Mulungu, nkhope ataikwinya ngati mwini mawu, poti ntchitoyo imafuna choncho. Wachiwiri anatsegula buku lomwelo patsamba lina, n'kupezapo chifundo. Iwo anaonetsanso chifundo. Wachitatu anasokoneza mavesi, nyumba yonse n'kufa ndi phwete, iwo n'kuonetsa kuti anthu akuseka.

Pa nthawi yopuma wojambula anawabweretsera madzi.

"Mayi, lerotu tili m'tchalitchi. Chatsala n'chopereka basi."

"Getsili litsitseni pang'ono, achimwene," anatero iwo.

Anadikira kuti mtima uwapweteke, koma unangoti zii. Amene ankapweteka ndi mapewa.

Biluyo inadutsa chakumasana. Poweruka anadzera pakhonde la sitolo pomwe mlongo wawo uja, tsopano bambo wa ana ake, ankasoka nsapato. Anali ataonera zonse pa kanema wa ometa tsitsi oyandikana naye. Anaika singano pansi n'kufunsa ndi manja.

"Achemwali, zija mumanena inu kapena iwowo?"

"Iwowo."

"Nanga nkhope ija?"

"Ndi ntchito."

"Mumatha," anatero, osaseka. "Koma m'bukumo zinalembedwadi?"

"Zinalembedwa. Zinazonso zinalembedwa."

Mlongoyo anagwedeza mutu ngati wauzidwa kuti basi yadutsa kale. Kenaka analoza phazi lawo, chidendene cha nsapato chinali chitayamba kuyasama. Mayiwo anavula, n'kukhala pabenchi phazi limodzi lili pamtunda, akuyang'ana magalimoto. Sanakambenso za biluyo, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Lamlungu anapita kutchalitchi monga mwa masiku onse, n'kumasulira ulaliki kwa agonthi a pabenchi yakutsogolo.

Anagwirabe ntchitoyo mpaka nyamakazi inalowa m'zala, zina n'kumakana kupindika. Akuntchito anawatsanzika ndi chikho cholembedwa mawu ndi nsalu imodzi. Lamulo lija linadzachotsedwa ndi boma lina, aphungu ena atawerenga mavesi awo, ndipo anamasulira ndi mtsikana amene Mayi a Pakona anamuphunzitsa. Tsiku limenelo mayiwo anali kuchipatala, pamzere wa mankhwala. Anamva nkhaniyo kwa mayi wina wa kumbuyo kwawo, n'kuvomera kuti "Oo," mzere n'kusuntha pang'ono.